Loweruka la chinkhoswe changa akuti ndi "Eke", alipo angandimasulire?

NaBanda_Jozi: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndili ndi nkhani yandizunguza mutu kuyambira dzulo. Ambiri mukudziwa kuti abambo amene ndikufuna kumanga nawo banja kwawo ndi ku Nigeria, mtundu wa Aigbo, chigawo cha Anambra. Tinapangana kuti chinkhoswe chikachitikire kwathu ku Lilongwe mu Disembala, makolo awo abwere pa ndege, tsiku tinasankha Loweruka, dipoziti ya holo ndalipira kale, amalume apempha kale tchuthi kuntchito, mayi anga anauza kale mpingo wonse mpaka oyandikana nawo nyumba. Nde dzulo apongozi aimba foni ati tsiku limenelo sangabwere kudzapempha mkazi chifukwa ndi Eke. Ine nkumati Eke ndi ndaninso? Ndimayesa ndi munthu wina amene wabuka kale holoyo kkkk. Abambowa kungoseka ati bambo anga akanena kuti Eke nde basi palibe apilu. Abale, kodi si njira yondikanira mwaulemu imeneyi?

Ndirande Boy: Asisi thawani, Eke ndi mkazi wamkulu ameneyo kkkkkk

NaBanda_Jozi: Iwe usandionjezere BP

Mai a Chidi: Asisi khalani pansi mumwe madzi, palibe akukukanani. Ine ndili pabanja ku Enugu kuno zaka 14 ndipo chaka choyamba zinandizunguzanso chimodzimodzi. Aigbo ali ndi sabata yawoyawo ya masiku anayi basi, amaitcha izu. Masikuwo ndi Eke, Orie, Afo, Nkwo, akatha nkuyambiranso pa Eke. Kwa apongozi anuko ku Anambra ambiri m'malo monena Orie amati Oye koma ndi tsiku lomwelo. Sabata imeneyi siima, siidikira Lamulungu, siidziwa Khrisimasi, imangozungulira ngati lamba wa chigayo pansi pa sabata yathu ya masiku 7 ija. Nde tsiku lililonse kuno lili ndi maina awiri, la pa kalendala ya boma ndi la msika. M'midzi yambiri tsiku la Eke amalipatula, sapita kukapempha mkazi, sapereka malowolo, ena saikanso maliro patsikuli. Si onse ayi, midzi imasiyana, ena tsiku lawo lopatulika ndi lina, koma apongozi anu ngati anena kuti kwawo ndi Eke ndiye kuti akufuna banja lanu liyambe bwino. Akanakhala kuti sakukufunani akanangokhala chete mudzionere nokha.

NaBanda_Jozi: Eeeh mtima pansi. Koma amayi, mwambowo ukuchitikira ku Area 25, Eke wa ku Anambra afika bwanji ku Area 25? Alibe ndi viza yomwe

Mai a Chidi: Kkkk tsiku ndi tsiku asisi. Ife ndi inu timangosiyana ola limodzi, kukacha Eke kuno kwacha Eke kumeneko.

Ndirande Boy: Dikirani kaye. Sabata ya masiku anayi? Nde kuti wikendi imabwera pakangotha masiku atatu? Anthuwa anaganiza bho, ine ndikusamukira komweko

Mai a Chidi: Bwera mwanawe koma usayembekeze kugona. Kale tsiku la msika wa mudzi wanu ndi lomwe khasu limapuma, koma munthu sapuma, umasenza katundu kupita kumsika. Apongozi anga aakazi mpaka lero tsiku la Orie sapita kumunda olo mvula itagwa bwanji usiku, amadzuka 4 koloko kumanga mitolo ya masamba a ugu ndi mabotolo a mafuta a kanjedza, pofika 6 ali kale pamsewu. Mawa lake ndi msika wa mudzi wina, mkuja wina, motero midzi yoyandikana siipikisana, aliyense ali ndi tsiku lake ndipo wamalonda amangoyenda mozungulira. Palinso misika ina ikuluikulu yomwe imakumana kamodzi pa masiku 8, amati izu ukwu, ukwu kutanthauza chachikulu, nde mumamva akuti Eke ukwu ndi Eke nta, wamkulu ndi wamng'ono.

Aphunzitsi Opuma: Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi ndi ya masamu, ndiloleni. Mwana wanga NaBanda, vuto lako ndi laling'ono. Kuchoka Loweruka kufika Loweruka linzake ndi masiku 7. Chotsapo 4, patsala 3. Ndiye ngati Loweruka lako ndi Eke, werenga atatu kutsogolo: Orie, Afo, Nkwo. Loweruka lotsatira ndi Nkwo. Linzakelo likhala Afo, linalo Orie, ndipo Eke adzagweranso pa Loweruka patatha masiku 28, chifukwa 4 kuchulukitsa ndi 7 ndi 28. Kunena kwina pa Maloweruka anayi alionse limodzi lokha ndi la Eke. Unangochita tsoka kusankha lomwelo.

NaBanda_Jozi: Aphunzitsi zikomo, masamu ndinalephera pa MSCE koma awa ndawamva chifukwa akukhudza ndalama zanga

Che Sipeya: Nkhani iyi ndimaiona tsiku lililonse osaidziwa! Ine ndimagwira shopu ya masipeya a galimoto ku Lilongwe kuno, bwana wanga ndi wa ku Nnewi. Pakhoma pali kalendala yomwe amabweretsa chaka chilichonse akapita kwawo pa Khrisimasi, ya zithunzi za ansembe, ndipo pansi pa deti lililonse pali timalemba tating'ono tofiira, Eke, Oye, Afor, Nkwo. Ine zaka zonsezi ndimayesa ndi maina a oyera mtima a kwawo kkkk. Tsiku lina ndinaichotsa ndikupachika ya kampani ya batire chifukwa inali yokongola, bwana atafika anandiyang'ana ngati ndaba ndalama mu tilu, anakaitola yekha mu katoni nkuibwezera pamsomali. Ndipo msika waukulu wa masipeya kwawoko dzina lake ndi Nkwo Nnewi, amautchula tsiku ndi tsiku pa foni akamaitanitsa katundu, ine osadziwa kuti Nkwo ndi tsiku.

Mai a Chidi: Ndi momwemo achimwene. Misika yambiri kuno dzina lake ndi tsiku kuphatikiza mudzi. Nkwo Nnewi, Eke Awka mu likulu la Anambra, Orie Orba kufupi ndi Nsukka. Ya m'tauni masiku ano imatsegula tsiku lililonse koma dzina linatsala, ndipo ya kumudzi ikatsatirabe tsiku lake, ukapita tsiku lolakwika upeza mabenchi ndi mbuzi basi.

Che Sipeya: Asisi NaBanda tumizani deti ku inboksi ndikuonereni pakhoma pano Maloweruka onse a Disembala, ulere

Gogo Wa Mpira: Nkwo... Nkwo... abale kodi Nwankwo Kanu uja wa Arsenal, dzina lake likukhudzana ndi zimenezi?

Mai a Chidi: Mwalasa agogo! Nwa ndi mwana, Nwankwo ndi mwana wa tsiku la Nkwo. Chimodzimodzi Nweke, Nwafor, Nwoye. Ndiye pali ena oyamba ndi Oko, kuchokera ku okoro kutanthauza mnyamata: Okeke, Okafor, Okonkwo, Okorie kapena Okoye. Aakazi ndi Mgbeke, Mgbafor, Mgborie. Kale mwana akabadwa dzina loyamba linali lodziwikiratu, tsiku lomwe wabadwa ndi lomwelo, maina ena amabwera pambuyo. Masiku ano ambiri anasanduka maina a banja, munthu akhoza kukhala Okafor koma anabadwa pa Eke, wobadwa pa Afo anali agogo ake.

Gogo Wa Mpira: Nde zaka zonsezi kuyambira Atlanta 1996 pomwe anagoletsa ziwiri zija kugwetsa Brazil takhala tikukuwa dzina la tsiku la msika osadziwa. Zili ngati munthu kumutcha Mwanawalachitatu

Ndirande Boy: Ma Okeke ndi ma Okafor onse a m'mafilimu aja! Igweee!

Aphunzitsi Opuma: Ku Ghana aliponso mchitidwe wotere koma iwo pa sabata ya masiku 7. Kofi ndi mnyamata wobadwa Lachisanu, Kwame wobadwa Loweruka. Kofi Annan ndi Kwame Nkrumah maina awo anachokera pamenepo.

Mai a Chidi: Chomvetsa chisoni nchakuti aakazi ndi amene zinawagwera. Mwamuna akhoza kukhala Dokotala Okeke ku London palibe amaseka, koma dzina la Mgbeke linasanduka chipongwe, mtsikana akavala zosagwirizana kapena akaoneka wachimidzi amati taonani mgbeke uyu. Azakhali a amuna anga dzina lawo lenileni ndi limenelo, mayi aulemu wawo, anaphunzitsa ana asanu ndi ndalama ya garri, ufa wa chinangwa, koma zidzukulu zawo za ku Lagos zikafunsidwa dzina la agogo zimatchula la ubatizo. Tsiku lina ndinawaitana ndi dzina lawolo mwadala, anandigwira dzanja nthawi yaitali osalankhula. Zinandikhudza.

NaPhiri wa Mvano: Pepani ndisakhale ngati wosokoneza koma ine mtima wanga sukundilola. Kodi masiku amenewa si a mizimu? Mwana wathu NaBanda ndi mkhristu, wakulira mu kwaya, lero ayambe kusintha tsiku chifukwa choopa Eke? Masiku onse analenga ndi Mulungu, palibe loipa. Mukagonja pa ichi mawa adzati mwana asatuluke m'nyumba, mkuja adzati kaphe nkhuku pamtengo.

Mai a Chidi: Amayi sindikubisirani, m'chipembedzo chamakolo cha Aigbo masiku anayiwa amatengedwa ngati mizimu, amati alusi, ndipo misika yakale inali ndi kachisi wake. Ena amawalumikizanso ndi mbali zinayi za dziko, Eke kum'mawa, Orie kumadzulo, Afo kumpoto, Nkwo kumwera. Zimenezo nzoona. Koma Aigbo ambiri lero ndi akhristu olimba, Akatolika ndi Aangilikani ndiye osanena, ndipo kalendala zomwe zimapachikidwa m'nyumba zawo, za zithunzi za mabishopu zomwe, zimakhala ndi masiku amenewa. Apongozi anga saphonya Misa ya m'mawa koma muwafunse lero ndi lachingati ayamba kukuuzani la msika. Alipo a mipingo ina ya pentekosite amene amakana zonsezi ndipo amachita dala ukwati pa Eke, mikangano yake imakhalapo m'mabanja, sikuti nkhaniyi inatha.

NaPhiri wa Mvano: Nde ine ndili mbali ya amenewo

Aphunzitsi Opuma: Mayi Phiri, ndi ulemu wonse, kalendala yomwe ili pakhoma la tchalitchi chathu nayonso siyobatizidwa. Januwale ndi dzina la mulungu wa Aroma Janus, Malichi ndi Mars mulungu wa nkhondo, Julayi ndi Ogasiti ndi maina a olamulira a ku Roma, Julius ndi Augustus. M'Chingerezi tsiku lachinayi lija ndi la Thor ndipo Loweruka ndi la Saturn. Timawatchula tsiku lililonse osagwada kwa aliyense. Koma chomwe chimandiwawa ine ndi china. Tamvetserani maina athu a masiku. Lolemba, tsiku lolemba anthu ntchito. Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, kuwerenga kuchokera pa tsiku lolembedwalo. Loweruka, tsiku loweruka kuntchito. Lamulungu, tsiku la tchalitchi. Sabata yathu yonse ndi ya kapitawo ndi m'busa, mulibe msika, mulibe munda, mulibe agogo athu. Aigbo analandira sabata ya mzungu nkusunga yawo pansi pake, ife tinalandira ndipo lero mutandifunsa kuti makolo athu ankagawa bwanji masiku a mwezi nditha kungokuuzani za mwezi wooneka, mwezi wathunthu ndi mdima. Nyengo tikazidziwabe, dzinja, masika, chilimwe, mvula ya chizimalupsa, koma ana a m'tauni ngakhale zimenezo ayi.

Ndirande Boy: Aphunzitsi mwandipweteka, nde kuti dzina la Loweruka lomwe ndimalikonda chonchi ndi la pa esiteti?

Aphunzitsi Opuma: Likonde ndithu, koma udziwe kuti anakuwerutsa ndi wina.

NaPhiri wa Mvano: Kutchula dzina ndi kuopa tsiku ndi zinthu ziwiri zosiyana aphunzitsi. Ine sindinasinthepo ulendo chifukwa cha Malichi.

AnaZulu aku Chipata: Koma amayi tisaname, kwathu konkuno mwana wakhanda satuluka m'chikuta mchombo usanagwe, ndipo amvano omwe ndi amene amalondera pakhomo kkkk. Aliyense ali ndi zake

NaPhiri wa Mvano: Zimenezo ndi zaumoyo

Admini: Tiyeni tizilemekezana, nkhani ya chipembedzo isatitengere kutali. Mai a Chidi, mwatchula masiku, nanga miyezi ndi chaka amawerenga bwanji?

Mai a Chidi: Apa nde pokoma. Ma izu 7 amapanga mwezi umodzi, onwa, omwe ndi masiku 28. Mawu oti onwa ali ngati athu, amatanthauza mwezi wa kumwamba ndi mwezi wowerenga womwe. Chaka chili ndi miyezi 13, ndipo tsiku limodzi lotsala amaliphatikiza kumapeto. Amene amadziwika kwambiri ndi udindo wowerenga chaka ndi a ku Nri, tauni ya ku Anambra komweko, kumene mfumu yake Eze Nri siinali mfumu ya nkhondo koma ya zauzimu, yoyeretsa dziko munthu akachita zonyansa. Chaka chilichonse cha m'ma Febuluwale amachita mwambo wotchedwa Igu Aro, kutanthauza kuwerenga chaka, mfumu imalengeza kuti chaka chatsopano chayamba, anthu akhoza kuyamba kulima, ndipo imagawa mbewu ya zilazi kwa oimira midzi. Ndinapitako kamodzi ndi alamu anga, fumbi, ng'oma, mfuti zamwambo kulira, amuna a zipewa zofiira ali ndi nthenga, ine ndinamva mawu ochepa chabe chifukwa chi Igbo cha kumeneko nchosiyana ndi cha kuno ku Enugu, koma ndinaona mkulu wina atalandira chilazi chake anachikulunga mu nsalu yoyera ngati khanda, osalola ndi mdzukulu wake yemwe kuchinyamula. Miyezi ina amangoiwerenga, Onwa Mbu woyamba, Onwa Abuo wachiwiri, koma ina ili ndi maina a mwambo womwe umachitika, monga Onwa Agwu, Onwa Ifejioku wa mzimu wa zilazi, Onwa Ana wa nthaka, ndipo wotsiriza ndi Onwa Uzo Alusi. Awa ndi maina a ku Nri, madera ena ali ndi awo ndipo chaka sachiyambira pamodzi.

Aphunzitsi Opuma: 13 kuchulukitsa ndi 28 ndi 364, onjezani limodzi 365. Zaukhondo kuposa zathu zija za mwezi wina 30 wina 31 wina 28 mpaka kuwerengera pa zibakera. Koma ndili ndi funso. Mwezi wa kumwamba umatenga masiku pafupifupi 29 ndi theka kuti ubwerere pomwe unali, osati 28. Ngati amatsatira 28 yeniyeni ndiye pakangotha miyezi ingapo kalendala ndi mwezi wa kumwamba zisiyana. Ngati amatsatira wa kumwamba ndiye miyezi 13 ipitirira chaka, ikhala masiku pafupifupi 384. Zonse ziwiri sizingakhale zoona nthawi imodzi.

Mai a Chidi: Aphunzitsi nchifukwa chake panafunika munthu wolengeza. Za 28 ndi 13 ndi momwe amazilembera papepala, koma kumudzi akuluakulu amayang'ana kumwamba, mwezi ukaoneka amayamba kuwerenga ma izu kufika pa mwambo, ndipo zikasemphana ndi mvula amakhala pansi nkukonza. Kalendala yake inali ndi eni ake oisamala, siinali yongopachika. Chomwe sichisuntha ndi masiku anayi aja, amenewo palibe amawakonza.

Aphunzitsi Opuma: Ndakhutira theka. Koma poti mwatchula Nri ndionjezere zomwe ndinaphunzitsapo. Pafupi ndi kumeneko pali malo otchedwa Igbo-Ukwu, kumene munthu wina akukumba chitsime pakhomo pake mu 1938 anapeza ziwiya zamkuwa zosulidwa mwaluso lodabwitsa. Katswiri wofukula zakale Thurstan Shaw anakakumba mu 1959, ndipo zinapezeka kuti ndi za m'zaka za m'ma 800, ambiri amazilumikiza ndi ufumu wa Nri. Angerezi atafika anaona kuti mphamvu ya Eze Nri ikuwapinga, mu 1911 anakakamiza mfumu Obalike kuti avule mphamvu zake zauzimu pamaso pa anthu. Mfumu anaigonjetsa, koma misika inapitiriza kukumana pa masiku ake.

Ndirande Boy: Nanga maina anayiwa anawatenga kuti? Anangolota?

Mai a Chidi: Pali nthano yake ya ku Nri, ana anga anaiphunzira kusukulu. Akuti kunabwera alendo anayi kwa Eze Nri aliyense atasenza dengu la nsomba, koma anakana kunena maina awo, kuwalonjera osayankha. Mfumu inadandaula, woombeza anaiuza kuti isavutike, ingodikira usiku. Alendo atagona anatumiza khoswe. Khoswe atayamba kuteketa dengu loyamba mmodzi anadzutsa mnzake, Eke, Eke, khoswe ali pa dengu lako! Khoswe nkudumphira pa lina, Oye dzuka! Mpaka onse anayi anatchulana maina, mfumu ili kuseri ikumvetsera. Kutacha inawalonjera mmodzimmodzi ndi dzina lake, iwo anadabwa, nde anaisiyira mphatso ya misika inayi nkuzimiririka.

Ndirande Boy: Nde kuti kalendala yonse ya mtundu wa anthu mamiliyoni inatheka chifukwa cha khoswe kkkkk ulemu kwa makoswe a ku Ndirande

AnaZulu aku Chipata: Za mfumu kugawa mbewu ndi kulengeza nyengo zandikumbutsa Nc'wala kwathu ku Mtenguleni kumapeto a Febuluwale, Nkhosi yamakhosi Mpezeni amayamba ndi iwo kulawa zakumunda zatsopano anthu asanadye. Aigbo alinso nazo zotere?

Mai a Chidi: Alinazo, Iri ji kapena Iwa ji, chikondwerero cha chilazi chatsopano, cha m'ma Ogasiti mpaka Seputembala kutengera dera. Chilazi kuno chili ngati chimanga kwathu, ndiye mfumu ya mbewu. Mwambo usanachitike munthu wosunga chikhalidwe sadya chilazi chatsopano olo chitadzaza pamsika, mkulu wa mudzi amayamba ndi iye, chowotcha, kusunsa mu mafuta ofiira a kanjedza. Ndipo deti lake salengeza kuti pa 20, amati Nkwo wakutiwakuti mwezi ukaoneka, a m'tauni ndi akunja ndi amene amalitembenuzira pa kalendala ya foni kuti agule matiketi.

Aphunzitsi Opuma: Chinanso chomwe anthu saganizira, msika wozungulira umayendetsanso uthenga. Mu Novembala 1929 ku Oloko kunabuka mphekesera yoti boma la atsamunda liyamba kukhometsa msonkho amayi, mayi wina dzina lake Nwanyeruwa anakangana ndi munthu amene anatumidwa kudzawerenga anthu ndi ziweto. Kunalibe foni, kunalibe wailesi, koma pa masabata ochepa amayi zikwizikwi anali ataukira kuyambira dera la Owerri mpaka Calabar, kuzinga mafumu oikidwa ndi boma ndi makhoti awo. Uthenga unkayenda ndi amayi a malonda, lero msika uwu mawa uwo, akupatsirana masamba a kanjedza ngati chizindikiro. Asilikali anapha amayi oposa 50. Mbiri imaitcha nkhondo ya amayi ya ku Aba. Mzungu ankaona ngati ndi amayi ongogulitsa mafuta.

Gogo Wa Mpira: WhatsApp ya nthawi imeneyo

NaBanda_Jozi: Abale ndaphunzira zambiri kuposa zomwe abambowa andiuza zaka zitatu. Ndawafunsa pompano kuti inu munabadwa tsiku lanji la msika, ati sakudziwa afunse mayi awo kkkk. Nde ndawauza kuti Loweruka lotsatira ndi Nkwo, adabwa ati wakuuza ndani, kenako ati bambo awo asangalala chifukwa nkwu ndiye mwambo wake. Apa andisokonezanso

Mai a Chidi: Akukuseka asisi, ndi mawu awiri osiyana. Nkwo ndi tsiku, nkwu ndi mtengo wa kanjedza womwe amagomako uchema. Ukwati wachikhalidwe amautcha igba nkwu, mkwatibwi amapatsidwa chikho cha uchema ndi bambo ake, nkumayenda pakati pa anthu kufunafuna mwamuna wake amene wabisala, anyamata ena akumuitana kuti bwera kuno, akamupeza amagwada nkumupatsa kuti amwe. Konzekani, apongozi akhoza kupempha kuti muchiteko pang'ono pa chinkhoswepo. Komanso uzani amalume kuti alendowo adzabwera ndi mtedza wa kola, oji, ndipo palibe nkhani imayamba asanauswe. Mkulu amaunyamula nkupemphera m'chi Igbo, amati oji samva Chingerezi, ndipo akuluakulu ambiri m'pempherolo amatchula masiku onse anayi kuti madalitso abwere pa Eke, pa Orie, pa Afo ndi pa Nkwo. Akauswa amawerenga zigawo zake, zikatuluka zinayi mudzaona nkhope zawo zikuwala, ndiye kuti masiku onse avomera. Amalume asadzautafune msanga ngati mtedza wokazinga, adikire apatsidwe, ndipo muwachenjeze kuti ndi wowawa asadzalavule pamaso pa alendo.

NaPhiri wa Mvano: Pempherolo likadzatha abusa athu adzapempherenso lathu

NaBanda_Jozi: Amayi adzapemphera ndithu, kawiri ngati mukufuna

Che Sipeya: Asisi ndaona pakhoma, aphunzitsi sananame, lanu lija ndi Eke mofiira, lotsatira Nkwo, linalo Afor. Ndawaonetsa bwana ati apongozi anu ndi anthu olongosoka, ati iwo anachita dala kutsegula shopu ino pa Nkwo. Ndipo ati muwaitane adzabwera ndi anzawo

Ndirande Boy: Ine ndawerengera langa pa intaneti akuti ndinabadwa pa Afo, kuyambira lero ndine Okafor wa ku Ndirande, ndipo befide yanga ndizichita pakatha masiku anayi alionse, mphatso zizibwera

Aphunzitsi Opuma: Udziwenso kuti 365 ukaigawa ndi 4 patsala 1, ndiye deti lako lobadwa chaka chamawa lidzagwera pa tsiku lotsatira la msika, chaka cha Febuluwale wa masiku 29 lidumpha awiri. Usadzakangane ndi kalendala.

NaBanda_Jozi: Ndaimbira a holo. Loweruka la Nkwo latengedwa kale ndi ukwati wina, la Afo lilipo koma ati ndionjezere ndalama chifukwa layandikira Khrisimasi, mxiii. Ndawauza abambowa kuti ndalama yoonjezerayo alipire Eke. Amalume ndiwaimbira madzulo, sindikudziwa ndiyambira pati kuwafotokozera kuti tchuthi chawo chasuntha chifukwa cha alendo anayi ndi khoswe

Mai a Chidi: Musanalipire funsani kaye apongozi ngati Afo alibe vuto kwawo, midzi imasiyana paja

NaBanda_Jozi: Aaaa amayi musatero

NaBanda_Jozi: Ayankha. Ati Afo ali bwino. Che Sipeya funsani bwana wanu ngati kola amapezeka ku Lilongwe, apongozi ati akuopa kuti wawo angawalande pa eyapoti